Njuchi Nazo Zimagwa M'njala: Kuyendera ndi Kudyetsa Ming'oma Chisanu Chikamatha

Ulimi wa njuchi wayamba kukhazikika m'madera ambiri amene timakhala, kuyambira ku Mangochi, Machinga ndi Zomba mpaka ku Salima ndi Nkhotakota. Ndi ulimi wa halaal, sulira munda waukulu, sulira feteleza, ndipo uchi susowa msika. Koma chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti ukafika, dandaulo limamveka lofanana: mng'oma umene unali wodzaza mu Meyi wapezeka uli gwaa, njuchi zathawa. Ena amaloza chala mnansi, ena amati ndi tsoka, ndipo ena amafika poganizira zamatsenga, zimene Msilamu sayenera kuzipatsa malo mumtima mwake. Kawirikawiri chothamangitsa njuchi pa nyengoyi ndi njala. Njala imeneyi imaoneka isanafike, ndipo mlimi watcheru akhoza kuitsekera njira.

Nkhaniyi ikutikhudza ife Asilamu mwapadera. Surah ya nambala 16 m'Qur'an yolemekezeka imatchedwa An-Nahl, kutanthauza njuchi, ndipo ndime 68 ndi 69 zimakamba za malo amene kachilomboka kamamanga, chakudya chake, ndi uchi umene uli mankhwala kwa anthu. Imam Abu Dawud adalemba Hadith yochokera kwa Ibn Abbas yosonyeza kuti njuchi ili m'gulu la zolengedwa zinayi zimene Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) adaletsa kuzipha. Tsono munthu amene wazikopa kuti zilowe mumng'oma mwake, nkumadya thukuta lake, wasenza amana. Ayenera kudziwa ngati zili ndi chakudya kapena ayi.

Chifukwa chiyani nyengo iyi ndi yoopsa

Mabuku ambiri a za njuchi adalembedwa ku Ulaya, ndipo amati mlimi ayendere ming'oma yake mu Malichi ndi Epulo, chisanu cha kumeneko chikamatha. Uphunguwo ndi woona, koma miyezi yake si yathu. Kwathu kuno chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, ndipo nthawi yofanana nayo ndi kumapeto kwa Julayi, Ogasiti yense, mpaka kumayambiriro kwa Seputembala.

M'nkhalango zathu za miombo njuchi zimakhuta kawiri pa chaka. Mitengo ya mchenga imachita maluwa mvula ikamapita kumapeto, ndipo uchi wake timafula cha mu Meyi ndi Juni. Mitengo ya mombo ndi tsamba imachita maluwa m'chilimwe, kuyambira cha mu Seputembala, ndipo uchi wake timafula cha mu Novembala ndi Disembala. Pakati pa nyengo ziwirizi pali mipata iwiri ya njala. Woyamba ndi wa chisanu, pamene udzu wauma, maluwa a m'minda atha, ndipo moto wolusa wayamba kunyambita tchire. Wachiwiri ndi wa Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yosalekeza imatsekera njuchi m'nyumba ndi kutsuka timadzi ta m'maluwa, miyezi yomweyo imene nafenso nkhokwe zimakhala zitapepuka.

Chodabwitsa nchakuti ngozi yaikulu siili mkatikati mwa chisanu, koma pamene kunja kwayamba kufunda. Kuchokera pa dzira kufika pa njuchi yokhwima pamapita pafupifupi masabata atatu. Njuchi yatsopanoyo imatha masabata enanso atatu ikugwira ntchito za m'nyumba, kulera ana ndi kumanga zisa, isanayambe kupita ku maluwa. Zonse pamodzi ndi masabata asanu ndi limodzi. Choncho njuchi zimene zidzatute timadzi ta mombo pakati pa Seputembala ziyenera kuikidwa ngati mazira kumayambiriro kwa Ogasiti. Mango akangoyamba maluwa ndipo mungu nkuyamba kulowa, mfumukazi imawonjezera kuikira, ndipo pa nthawi yabwino imatha kupitirira mazira 1,000 pa tsiku. Ana onsewa amafuna kudya, ndiponso amafuna kufunditsidwa pa madigiri 34 kapena 35 usana ndi usiku. Kutentha kumeneko njuchi zimakupanga ndi matupi awo, ndipo nkhuni zake ndi uchi. Mng'oma umene unkadya pang'onopang'ono mu Juni umayamba kudya mowirikiza mu Ogasiti. Pakangogwa masiku anayi kapena asanu a mwera kapena chiperoni, njuchi osatuluka, nkhokwe imatha.

Njala ikalowa, njuchi zimayamba zathamangitsa zamphongo, zimene sizigwira ntchito. Kenaka mfumukazi imasiya kuikira, ndipo antchito amayamba kudya mazira ndi timphutsi. Njuchi za ku Ulaya zikafika pamenepa zimafera mumng'oma. Zathu za mu Africa sizidikira imfa: zimanyamuka zonse pamodzi ndi mfumukazi kukasaka kwina. Uku nkosiyana ndi kugawikana kumene kumachitika nthawi ya chakudya chambiri, pamene gulu lina limachoka lina nkutsala. Pothawa njala sizisiya kanthu koma zisa zouma.

Zimene tingaone tisanatsegule

Kuyendera kumayamba ndi maso. Khalani chapambali pa khomo la mng'oma m'mamawa dzuwa litafunda, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Njuchi zikamalowa ndi kutuluka mwachangu, zina zitanyamula timibulu ta mungu tachikasu kapena tofiirira kumiyendo yakumbuyo, dziwani kuti mkatimo muli ana ndipo kunja kuli chakudya. Zikamatuluka imodziimodzi, zopanda mungu, zina zikungokwawa pakhomo mofooka, pali vuto. Mukapeza timphutsi toyera kapena njuchi zamphongo zakufa zitatayidwa pansi pa khomo, njala yafika kale. Mukaona njuchi zikulimbana pakhomo ndi kugudubuzana pansi, ndiye kuti za mng'oma wina zabwera kudzalanda.

Chizindikiro china chili m'mudzi. Njuchi zikayamba kuunjikana pa chigayo, pa gaga wa nkhuku, kapena pa ufa woyanika, zikutiuza kuti mungu wasowa m'tchire. Zikamazungulira pa makoko a nzimbe ndi pa makapu a tiyi pamsika, timadzi ta m'maluwa tachepa.

Kenaka yesani kulemera. Ikani dzanja pansi pa mng'oma cha kumbuyo, kumene njuchi zimasunga uchi, ndipo munyamule pang'ono. Ndi bwino kuchita zimenezi kuyambira tsiku lomwe mwafula, ndi kubwereza masabata awiri alionse, kuti dzanja lizolowere. Mng'oma umene ukupepuka ulendo ndi ulendo ukulankhula. Njira imeneyi imathandiza ngakhale amene ali ndi ming'oma ya makungwa kapena ya chipika, imene sitsegulika mosavuta.

Kutsegula mng'oma

Ngati mng'oma wapepuka kapena pakhomo pakukayikitsa, tsegulani. Sankhani tsiku lofunda, lopanda mphepo, chakumadzulo pang'ono dzuwa lisanalowe, ana ndi ziweto zili kutali. Valani zodzitetezera, fukizani utsi wozizira pang'ono pakhomo, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo yambani ku mbali yopanda zisa. Chisa chigwireni choimirira monga chimakhalira mkati, chifukwa mukachigoneka chimathyoka. Ntchito yonse isapitirire mphindi khumi, poti ana akazizidwa amafa, ndipo fungo la uchi limaitana olanda.

Njuchi zimakonza nyumba yawo mwadongosolo. Ana amakhala pakati pa chisa, mungu umazungulira anawo, ndipo uchi umakhala pamwamba. Mumng'oma wa timitengo topingasa, zisa za ana zimakhala cha kukhomo ndipo za uchi wokhawokha cha kumbuyo. Pano pamafunika kusamala, chifukwa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Uchi wokhwima umamatidwa ndi phula loyererako, losalala. Ana okhwima nawonso amamatidwa, koma chomata chake ndi chofiirira ngati khaki ndipo chimatukuka pang'ono. Munthu akhoza kuona chisa chomatidwa bwino nkunena kuti chakudya chilipo, pamene akuona pakamwa pamene posachedwa pafuna kudya.

Tifunse mafunso anayi. Kodi uchi womata ulipo wochuluka bwanji? Mng'oma wapakati umene uli ndi ana uyenera kukhala ndi zisa ziwiri kapena zitatu zodzaza uchi. Ngati pamwamba pa zisa za ana pali pouma ndipo kumbuyo kulibe kanthu, kudyetsa kuyambe tsiku lomwelo. Kodi mungu ulipo? Umaoneka ngati ufa wonyowa wamitundumitundu wotsenderedwa m'timabowo. Kodi mazira ndi timphutsi tilipo? Dzira limaoneka ngati kambewu ka mpunga kakang'onong'ono pansi pa bowo. Ndipo kodi timphutsito tili bwanji? Todyetsedwa bwino timagona m'chakudya choyera ngati mkaka, pamene tanjala timagona pouma.

Si mng'oma uliwonse wofooka umene uli ndi njala. Mukapeza uchi ulipo wokwanira koma njuchi zikucheperachepera ndipo mulibe mazira, vuto likhoza kukhala la mfumukazi, ndipo shuga sangalithetse. Mng'oma wotere umathandizidwa poupatsa chisa chokhala ndi mazira kuchokera mumng'oma wamphamvu, kuti njuchi zilere mfumukazi ina. Koma ngati mulibe uchi ndiponso mulibe mazira, musafulumire kuweruza mfumukazi. Dyetsani kwa sabata imodzi ndipo muonenso. Nthawi zambiri imayambiranso kuikira chakudya chikalowa.

Zisa zakale zopanda kanthu zimene njuchi sizikuzifungatira zichotseni ndi kuzisungunula kuti mupeze phula. Zikatsala zimasanduka nyumba ya njenjete za phula, zimene mphutsi zake zimaboola zisa ndi kumaliza mng'oma umene wafooka kale.

Chakudya choyenera

Chakudya choposa zonse ndi uchi wa njuchi zomwezo. Ngati muli ndi mng'oma wina wamphamvu, wopanda matenda, umene uli ndi zisa za uchi zopitirira zosowa zake, tengani chimodzi, sasani njuchi zonse, ndipo muchiike pafupi ndi ana mumng'oma wanjala. Koma musadyetse njuchi uchi wogula umene simukudziwa kumene wachokera. Uchi umanyamula mbewu za matenda oola ana a njuchi otchedwa American foulbrood, amene adapezeka ku Western Cape m'dziko la South Africa mu 2009. Mbewu zimenezi sizivulaza munthu, koma zimakhala zamoyo zaka zambiri ndipo zimatha kupululutsa malo onse a ming'oma.

Uchi ukasowa, timagwiritsa ntchito madzi a shuga. Muyezo wa nyengo ino ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pa lita imodzi ya madzi. Madzi opepuka chotere amafanana ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo amalimbikitsa mfumukazi kuikira. Ngati kunja kukuzizirabe ndipo mng'oma ulibiretu kanthu, pangani okhuthala: makilogalamu awiri pa lita imodzi, kuti njuchi zisavutike kuumitsa madzi ambiri. Wiritsani madzi, aphuleni, kenaka thirani shuga ndi kutakasa mpaka asungunuke. Musawiritse shuga pamoto, chifukwa akapserera amatulutsa poizoni wopha njuchi. Dikirani azizire musanapereke.

Shuga woyera ndiye wabwino. Shuga wodera kwambiri ndi manyuchi a nzimbe ali ndi zotsalira zimene mimba ya njuchi sigaya bwino, ndipo zimatsegula m'mimba. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa, ndi chilichonse chimene chayamba kusasa zisayandikire mng'oma.

Tikudziwa kuti shuga wakwera mtengo, ndipo m'nyumba zambiri ngakhale wa tiyi ndi wowerengera. Nchifukwa chake kuyendera kumayamba, kudyetsa nkumatsatira. Sitidyetsa ming'oma yonse, koma yokhayo imene taona ndi maso kuti ikusowa. Makilogalamu awiri kapena atatu a shuga operekedwa pa nthawi yake amatha kuolotsa mng'oma masabata ovutawa. Mng'oma umene wathawidwa umadikira gulu lina kuti lilowe, limangenso zisa, ndipo nyengo yonse ya uchi imatha kudutsa mlimi ali chimanjamanja.

Kaperekedwe kake

Chakudya chiikidwe mkati mwa mng'oma. Mukachiika pabwalo, amene amakhuta ndi ming'oma yamphamvu, njuchi za anansi, mavu ndi nyerere, pamene wofookayo, amene alibe antchito okwanira, amapeza zochepa. Choipa kwambiri nchakuti kudyera pabwalo kumaphunzitsa njuchi kulanda, ndipo shuga akatha zimatembenukira ming'oma yofooka.

Njira yapafupi ndi botolo la chivindikiro chachikulu. Boolani timabowo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pa chivindikiro ndi nsonga ya msomali waung'ono, dzazani, tsekani bwino, ndipo mulivundikire chazondoka pa timitengo tiwiri kuti njuchi zilowe pansi pake. Lizondotseni muli kutali ndi mng'oma kuti madontho oyamba agwere m'chidebe. Njira ina ndi kambale kosaya koikidwa kumbuyo kopanda zisa, mutaikamo tizitsotso kapena udzu wouma woyandama kuti njuchi zisamire. Amene ali ndi ming'oma ya Langstroth akhoza kuika botolo pamwamba pa mafelemu ndi kuvindikira ndi bokosi lopanda kanthu.

Perekani madzulo, njuchi zitasiya kuuluka. Yambani ndi theka la lita, ndipo muonenso pakapita masiku awiri kapena atatu. Kunja kukatentha madzi a shuga amasasa msanga, choncho otsala atayeni kutali, tsukani chiwiya, ndi kuthira atsopano. Chepetsani khomo ndi kamtengo kapena dothi kuti mudzingodutsa njuchi ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, alonda ochepa athe kuliteteza. Pamene mwadontheza, thirani madzi kapena dothi.

Shuga amaitana nyerere, ndipo linthumbu likhoza kuthamangitsa mng'oma usiku umodzi. Pachikani ming'oma ndi waya ndipo pakani girisi pa wayayo. Ngati ili pa nsanamira, pakani girisi kumiyendo ndi kuwaza phulusa mozungulira. Lambulani udzu ndi nthambi zokhudza mng'oma. Kulambulako kumatetezanso ku moto.

Mungu ndi madzi

Shuga ndi nsima chabe; ndiwo ya ana a njuchi ndi mungu. Popanda mungu, antchito sangapange mkaka umene amadyetsa timphutsi, ngakhale shuga atachuluka chotani. M'madera amene muli mango, nandolo ndi bulugamu, mungu wa Ogasiti kawirikawiri umakwanira. Kumene kulibe, ufa wa soya wokazinga ndi kusefa bwino umathandiza. Ukandeni ndi madzi a shuga okhuthala, umbani kachigumu kosapitirira bokosi la machesi, ndipo muike pafupi ndi ana. Kasakhale kakakulu, ndipo kotsala kachotsedwe pakapita masiku atatu kapena anayi, chifukwa tizikumbu takuda ta mumng'oma timaikira mazira m'menemo.

Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, madzi amafunika ngati chakudya. Njuchi zimasungunulira uchi wodyetsa ana, ndipo zimawaza madzi m'zisa ndi kupemerera ndi mapiko kuti muzizire. Zikasowa madzi pafupi zimapita pa mjigo, pa chitsime, ngakhale pamalo ochitira wudhu pamzikiti, ndipo mkangano ndi anansi umayambira pamenepo. Chisilamu sichilola kuti phindu lathu likhale chipsinjo kwa mnansi. Ikani beseni la madzi pamthunzi pafupi ndi ming'oma, muli miyala yotulukira pamwamba poti zitere, ndipo lisaume ngakhale tsiku limodzi. Yambani msanga, zisanazolowere kwina, poti njuchi ikazolowera pomwera sisintha mosavuta.

Nthawi yosiya kudyetsa

Kudyetsa kuli ndi malire. Mukaona phula latsopano loyera m'mphepete mwa zisa, timadzi tonyezimira m'timabowo, njuchi zikubwera zolemedwa, ndipo botolo la shuga likuchedwa kutha, maluwa ayamba. Chotsani botolo tsiku lomwelo. Mukapitiriza, njuchi zidzasunga madzi a shugawo m'zisa ndi kumata ngati uchi. Pamaso amaoneka uchi, pakamwa amatsekemera, koma si uchi. Ikani chizindikiro pa timitengo ta zisa zimene zinadzazidwa nthawi yodyetsa, ndipo pofula muzisiyire eni ake.

Apa mpamene ulimi ukukumana ndi malamulo a malonda. Wogula uchi kawirikawiri ndi munthu amene ali ndi wodwala kunyumba, kapena amene akufuna kutsatira Sunnah, ndipo amalipira mtengo wa uchi chifukwa wakhulupirira mawu athu. Imam Muslim adalemba nkhani ya wamalonda amene adabisa chakudya chonyowa pansi pa mulu nkuika chouma pamwamba, ndipo Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) adamudzudzula ndi kudzipatula kwa aliyense wochita chinyengo. Kudyetsa njuchi shuga kuti zipulumuke ndi chifundo. Kuzidyetsa shuga kuti tikagulitse ngati uchi ndi chinyengo, ndipo ndalama yake ndi haraam ngakhale wogula asazindikire. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi miyezo yake pa zakudya zogulitsa, koma Msilamu amadziwa kuti pali Woona amene safuna makina oyezera.

M'mera mpoyamba

Njala ya Ogasiti nthawi zambiri imabadwa mu Meyi ndi Juni, pa tsiku lofula. Mlimi amene wakokolola zisa zonse, mpaka za ana, wasiya njuchi zilowe m'chisanu manja ali m'khosi. Pofula tisakhudze zisa za ana ndi za mungu, ndipo tisiye zisa zitatu kapena zinayi za uchi womata. Uchi wosiyidwawo sunatayike. Ndi umene udzalere antchito a Seputembala, ndipo umapulumutsa ndalama ya shuga. Imam Bukhari ndi Imam Muslim onse adalemba za mayi amene adalangidwa chifukwa cha mphaka amene adamutsekera osamupatsa chakudya kapena kumumasula kuti akadzisakire. Njuchi sitizitsekera, koma tikalanda nkhokwe yake yonse pa nthawi imene tchire lilibe kanthu, tayandikira khalidwe lomwelo.

Chithandizo chokhalitsa ndi maluwa. Tisiye kutentha tchire, tisunge mitengo ya miombo m'malo moiotcha makala, ndipo tidzale mango, mapeyala, malalanje, nandolo ndi mpendadzuwa pafupi ndi malo a ming'oma, kuti pakhale chochita maluwa mwezi ndi mwezi. Amene amapopera mankhwala pa thonje, tomato ndi mbewu zina apopere madzulo njuchi zitabwerera, ndipo apewe nthawi imene mbewu zili pa maluwa. Hadith yodziwika bwino imatiphunzitsa kuti mtengo umene Msilamu wadzala, chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama yadyako chimalembedwa ngati sadaqah kwa iye. Pabwalo la mzikiti ndi la madrasa pali malo a mitengo yotere.

Tsono sabata ino, aliyense amene ali ndi mng'oma apite akaime pakhomo pake, akaunyamule kumbuyo, ndipo ngati wapepuka akautsegule. Alembe m'kope tsiku, kuchuluka kwa zisa za uchi ndi za ana, ndi chimene wapereka, kuti pakapita masabata awiri adzakhale ndi poyerekezera. Magulu amene ali ndi ming'oma yambiri agawane ntchitoyi, ndipo apatule ndalama ya shuga kuchokera pa malonda a uchi nthawi ya njala isanafike. Tikupempha Allah kuti adalitse ntchito za manja athu, atipatse rizq ya halaal, ndipo atipange kukhala achifundo kwa zolengedwa zimene waziika m'manja mwathu. Ameen.